Kuchepetsa Kamwedwe ka Mafuta pa SUV Yaikulu Popanda Kuifooketsa

Galimoto monga Toyota Land Cruiser 200, Nissan Patrol Y62 kapena Chevrolet Suburban imalemera matani 2.5 kapena kuposerapo musanakwere munthu ngakhale mmodzi. Ndi yaitali, ndi yotakata kumaso, matayala ake ndi aakulu, ndipo injini yake kawirikawiri imakhala V8 (ya masilinda 8) kapena V6 ya turbo. Siidzamwa mafuta ngati kagalimoto kakang'ono, ndipo wokulonjezani zimenezo akungofuna ndalama zanu. Komabe pali kusiyana kwakukulu pakati pa mafuta amene galimoto yotere iyenera kumwa ndi amene eni ake ambiri amaimwetsa. Mafuta owonjezerawo amatayikira m'malo odziwika: m'matayala, m'zinthu zowonongeka zimene zangolekereredwa, mu katundu womangirira pagalimoto, ndi m'kapondedwe ka woyendetsa. Mphamvu nayonso imathawira komweko. Ambiri amene amathamangira kukagula zipangizo zowonjezera mphamvu amakhala akusakasaka mphamvu imene galimoto yawo inali nayo kale pochoka kufakitale. Ndiye tsatirani dongosolo lake: zaulere poyamba, zokonzetsa pambuyo pake, zogula kumapeto.

Choyamba, yezani

Musakhudze kalikonse musanadziwe kuti galimoto yanu ikumwa malita angati. Nambala imene imaoneka pa dashibodi ndi yongoyerekeza ya kompyuta, ndipo pamagalimoto ambiri imakonda kukometsera. Singano ya geji ndiye musaidalire n'komwe.

Njira yodalirika ndi iyi. Mwetsani galimoto mpaka pampu idule yokha koyamba, osawonjezeranso. Bwezani nambala ya ulendo pa ziro. Yendani monga mwa masiku onse mpaka thanki itsike ndithu, kenako kamwetseninso mpaka pampu idule koyamba, galimoto itaima pafulati, ndipo ngati n'kotheka pa pampu yomwe ija. Malita amene alowa kachiwiriwa ndi amene galimoto yamwa. Achulukitseni ndi 100, mugawe ndi makilomita amene mwayenda. Tiyerekeze kuti mwayenda makilomita 560 ndipo mwalowa malita 84. Ndiye kuti galimoto ikumwa malita 15 pa makilomita 100 alionse, kapena tinene kuti lita imodzi ikukuyendetsani makilomita 6.7.

Thanki imodzi siyokwanira kuweruzirapo. Chitani katatu, mukulemba m'kabuku tsiku, makilomita, malita ndi mtundu wa maulendo ake, kaya a m'tauni, a mtunda wautali kapena okoka ngolo. Mukayamba kusintha zinthu, sinthani chimodzichimodzi. Mukasintha zinayi sabata imodzi simudzadziwa chimene chathandiza ndi chimene mwangotayirapo ndalama. Ndipo musanyoze lita imodzi ndi theka: munthu woyenda makilomita 20,000 pachaka akatsika kuchoka pa 15 kufika pa 13.5 wapulumutsa malita 300.

Matayala

Tayala lochepa mpweya limaphwatalala pansi, m'mbali mwake mumangopindika n'kuwongoka ulendo wonse, ndipo mphamvu imene ikuthera pamenepo imasanduka kutentha. Nthambi ya boma la America yoona za mphamvu, Department of Energy, imati psi (muyezo wa mpweya wa m'tayala) imodzi iliyonse yopereweza m'matayala onse imadya pafupifupi 0.2 peresenti ya mtunda umene mukanayenda. Zikuoneka zochepa, koma tayala labwinobwino limataya pafupifupi psi imodzi pamwezi popanda kubooka, ndiye galimoto imene yatha theka la chaka osayezedwa yatsika kale ndithu. Pagalimoto yolemera chonchi nkhani si mafuta okha ayi. Tayala lofewa, lotentha, lonyamula katundu, ndi limene limaphulika pa liwiro.

Gulani geji yanuyanu, muziyeza m'mawa galimoto isanayende, kamodzi pa masabata awiri. Nambala yoyenera ili pa sitika yomatidwa pafelemu ya chitseko cha dalaivala kapena m'buku la galimoto. Imene yalembedwa m'mbali mwa tayala ndi malire a mpweya umene tayalalo lingapirire, si yoti muziyendera. Sitika zambiri zimapereka nambala ziwiri, ina ya galimoto yopepuka, ina ya yodzaza anthu ndi katundu, ndipo pa ulendo wodzaza popani ya yodzazayo. Mukayeza mutayenda kale mudzapeza mpweya wakwera ndi ma psi angapo. Musaphwetse, ndi kutentha chabe. Ngati munachepetsa mpweya kuti mudutse mumchenga kapena m'matope, popani musanabwerere pa phula. Kupopa mopitirira muyezo nakonso sikuthandiza: tayala limatha pakati ndipo mabuleki sagwira bwino pakanyowa.

Kenako dzifunseni moona mtima kuti galimotoyi imayenda kuti. Matayala a m'matope aja a mano akuluakulu, olembedwa M/T, ndi olemera ndipo amalimbana ndi msewu. Mkokomo umene mumaumva pa phula ndi mafuta anu akupita. Ngati matope mumawaona kawiri pachaka, matayala a A/T, oyenda pa phula ndi pa dothi pomwe, akukwanirani, ndipo ngati simutsika pa phula n'komwe, a H/T, opangidwira phula, ndiwo amamwetsa pang'ono kuposa onse. Chimene simuyenera kunyengerera ndi nambala ya kulemera kumene tayala linganyamule. Isatsike kuposa imene wopanga galimoto analemba.

Kukula kwa tayala kuli ndi msampha wake. Tayala la 265/65R17 ndi lalitali pafupifupi mamilimita 776, pamene la 285/70R17 ndi pafupifupi 831, kutanthauza kuti lakula ndi 7 peresenti. Mukavala lalikululi, galimoto imalemedwa ponyamuka, giyabokosi imasinthasintha magiya pa kachitunda kalikonse, ndipo mabuleki amagwira ntchito yaikulu. Komanso mawerengedwe onse amasokonekera: dashibodi ikamati makilomita 100 mwayenda 107, ikamati liwiro ndi 100 muli pa 107. Masamu anu a mafuta adzaoneka oipa kuposa mmene alili. Yerekezani ndi GPS ya pa foni pa mtunda wautali, mukonze nambala zanu musanayambe kudandaula.

Onani ngati palibe chimene chikuigwira

Buleki yomata imadya mafuta mwakachetechete. Yendani makilomita angapo pamsewu woti simukuponda mabuleki pafupipafupi, imani pambali, muyandikize dzanja pa limu lililonse. Kungoyandikiza, osagwira disiki, imawotcha. Limu limodzi likamatentha kwambiri kuposa anzake, kapena pakamamveka fungo lopserera, ndiye kuti kalipa yamata kapena handibuleki siikumasuka yonse. Chiwongolero chopendekera galimoto ikuyenda mowongoka, galimoto yokokera mbali imodzi, tayala lodyeka m'mphepete mmodzi: zonsezi ndi za alayimenti. Kachititseni mukagunda dzenje lalikulu, mukasintha matayala, komanso mukakhudza chilichonse cha masipuling'i ndi mashoko.

Dziwani mtundu wa 4x4 yanu. Ngati ili ndi 2H (kukoka ndi matayala awiri), 4H ndi 4L (kukoka ndi onse anayi), ndipo ilibe difu yapakati yolola shafiti yakutsogolo ndi yakumbuyo kuzungulira mosiyana, pa phula yendani pa 2H basi. Pa 4H shafiti yakutsogolo ndi yakumbuyo zimamangidwa kuti zizizungulira mofanana, chonsecho pokhota matayala akutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa akumbuyo. Pa dothi tayala limaterereka pang'ono, nkhani n'kutha. Pa phula louma palibe koterereka, ndiye zitsulo zimakanirirana, chiwongolero chimalimba, mafuta amapita, ndipo tsiku lina chinthu chimathyoka. Ngati ili ndi ma hub otembenuza ndi dzanja pakati pa malimu akutsogolo, aikeni pa FREE. Magalimoto ngati Land Cruiser 200 amakoka ndi matayala onse nthawi zonse ndipo alibe 2H. Pamenepo ingoonetsetsani kuti kanyali ka loko ya difu yapakati ndi kozima. Mukawoloka madzi akuya, onetsani oyilo wa m'madifu. Akaoneka woyera ngati mkaka, mwalowa madzi, sinthani.

Injini ibwerere mwakale

Apa ndi pamene mafuta ndi mphamvu zimabwerera limodzi. Kanyali kachikasu ka injini kakayaka, musakazolowere. Pansi pa chiwongolero pali soketi ya mabowo 16 yotchedwa OBD-II, imene inakhala lamulo pamagalimoto ogulitsidwa ku America kuyambira 1996, ndipo ku Ulaya inatsatira m'zaka zoyambirira za m'ma 2000. Kachipangizo kakang'ono kolumikiza soketiyi ndi foni kamawerenga makodi a zovuta, koma phindu lake lalikulu lili pa nambala ziwiri zimene ambiri saziyang'ana.

Yoyamba ndi kutentha kwa madzi a mu injini. Mutayenda mphindi 10 mpaka 15, kuyenera kukhazikika cha pakati pa madigiri 80 ndi 100. Kukamangozungulira pa 60 kapena 70 pamsewu waukulu, thermostat (kavalavu kotsegula ndi kutseka njira ya madzi ozizitsa injini) yakanirira potseguka, kapena wina anaichotsa poganiza kuti akuthandiza injini kuzizira. Kompyuta imaona ngati injini idakali yozizira, ndiye imangothira mafuta ambiri ulendo wonse. Singano ya pa dashibodi kawirikawiri siionetsa zimenezi. Ndi kachinthu kakang'ono, kosavuta kusintha, koma kamamwetsa mafuta miyezi ndi miyezi.

Yachiwiri, pa injini ya petulo, ndi imene imalembedwa long term fuel trim. Imasonyeza mmene kompyuta ikuwonjezerera kapena kuchepetsera mafuta pofuna kubisa vuto lina. Iyenera kukhala pafupi ndi ziro. Ikapitirira 10 peresenti mbali iliyonse, funani chifukwa: paipi ya mpweya yong'ambika, sensa ya MAF (yoyeza mpweya wolowa mu injini) yakuda, pampu ya mafuta yofooka, injector (chopopera mafuta mu injini) yodontha, kapena sensa ya oxygen ya pa ekizozi yokalamba. Sensa ya oxygen ikafa imatha kukweza kamwedwe koopsa galimoto ikuyendabe ngati palibe kanthu. MAF imakhala pa paipi, kungochoka pa bokosi la fyuluta ya mpweya. Imasuleni injini itazima, muipopere mankhwala ake enieni otsukira MAF, musakhudze kawaya kam'katimo ndi chala kapena nsalu, idikireni iume, kenako bwezerani.

Za fyuluta ya mpweya anthu amazikokomeza. Kafukufuku wa Oak Ridge National Laboratory wa mu 2009 anapeza kuti pamagalimoto a petulo oyendetsedwa ndi kompyuta, fyuluta yotsekeka siinasinthe kwenikweni kamwedwe, chifukwa kompyuta imayeza mpweya umene walowa n'kuthira mafuta olingana nawo. Chimene chinatsika ndi mphamvu yonyamukira. Choncho isintheni kuti galimoto ikoke, makamaka ngati mumayenda m'fumbi, koma musayembekezere zozizwitsa pa pampu. Ndipo musalole kuti aipemerere ndi kompuresa yamphamvu. Pepala lake limang'ambika timabowo tosaoneka, fumbi n'kumadutsa kupita ku turbo ndi m'masilinda.

Mapulagi sinthani pa nthawi imene buku likunena, onse pamodzi. Oyilo thirani wa nambala yolembedwa m'buku, kaya 0W-20, kaya 5W-30. Maganizo akuti injini yaikulu imafuna oyilo wolimba ngati 20W-50 ndi a injini zakale. Mu injini yamakono oyilo wolimba amachedwa kufika m'malo opanikizika m'mawa ndipo amawonjezera kamwedwe ndi 1 kapena 2 peresenti.

Dizilo ili ndi zake. Injini zamakono za dizilo, zotchedwa common rail, zimapopa mafuta pa mphamvu yopitirira ma bar 1,600, ndiye kadontho ka madzi kapena kachitsotso kamawononga ma injector. Sinthani fyuluta ya mafuta pa nthawi yake, ndipo kanyali ka madzi kakayaka khetsani madziwo tsiku lomwelo. Utsi wakuda poponda moto ndi dizilo amene mwagula koma sanapse. Musanathamangire ku ma injector, yang'anani mapaipi ochoka ku turbo kupita ku intercooler, chozizitsira mpweya wolowa mu injini. Paipi yong'ambika imalira "fyiii" mukaponda ndipo imasiya chinyontho cha oyilo pozungulira pong'ambikapo. Mwaye wochokera ku EGR, njira yobwezera utsi wina mu injini, umaunjikananso m'njira ya mpweya mpaka kuipanikiza, ndipo kuitsuka kumabweza mphamvu yoti munaiiwala. Ngati galimoto ili ndi DPF, sefa ya mwaye ya pa ekizozi, dziwani kuti imadziyeretsa powotcha mwayewo pa madigiri pafupifupi 600, ndipo kuti ifike pamenepo kompyuta imathira dizilo wowonjezera. Maulendo afupiafupi amadula ntchitoyi pakati, iyo n'kumangoyambiranso, mafuta akupita, ena akutsikira mu oyilo. Ipatseni ulendo wa mphindi 20 mpaka 30 pa liwiro lokhazikika nthawi ndi nthawi, ndipo oyilo wake akhale wolembedwa kuti ndi woyenera DPF.

Pa otomatiki yesani ichi: galimoto itatentha, khazikikani pa 90 pamsewu wafulati, muwonjezere moto pang'ono kwambiri. Singano ya rpm, yosonyeza kuzungulira kwa injini, iyenera kukwera limodzi ndi liwiro. Ikadumpha yokha liwiro lili pomwepo, giya isanasinthe, ndiye kuti torque converter (cholumikiza injini ndi giyabokosi) siikumanga, ndipo mphamvu ikuthera kutenthetsa oyilo wa giyabokosi. Kaonetseni msanga, chifukwa giyabokosi ya galimoto yotere siitchipa.

Tsitsani zimene simukugwiritsa ntchito

Makilogalamu 45 owonjezera amadya pafupifupi 1 peresenti pagalimoto wamba, ndipo pa yaikulu amadya mocheperapo. Chikwama chimodzi si vuto. Vuto ndi kuunjika: bampala yachitsulo, winchi, batire lachiwiri, madilowa akumbuyo, firiji, sipeya yachiwiri, zigubu za mafuta ndi za madzi. Pamodzi zimakwana makilogalamu mazana angapo, ndipo zimadya gawo la katundu amene galimoto inaloledwa kunyamula. M'tauni, moima n'kunyamuka, kulemera ndi kumene kumalamula.

Pamsewu waukulu imalamula ndi mphepo, ndipo padenga ndi pamalo oipitsitsa poika chinthu. Department of Energy yomwe ija imati bokosi lalikulu la padenga limadya 10 mpaka 25 peresenti pa liwiro la 105 mpaka 120. Keliyala yopanda kanthu, tenti ya padenga, mzere wa magetsi pamwamba pa galasi, zonse zimagwira mphepo chaka chonse pofuna ulendo umodzi wa tchuthi. Kumasula keliyala ndi ntchito ya anthu awiri ndi sipanala. Katundu akamakwana m'kati, alowe m'kati, wolemera pansi, ndipo galimoto idzasiyanso kupendama pokhota. Kukweza galimoto kumalowetsa mphepo yambiri kunsi kumene kuli madifu ndi mashafiti. Kapulasitiki kakuda ka pansi pa bampala yakutsogolo, kamene ambiri amakachotsa chifukwa chokhula pansi, anakaika kuti kazipatutsa mphepo imeneyo.

Kapondedwe

Pano ndi pamene pali malita ambiri kuposa pena paliponse, ndipo sipafuna ndalama. Tulutsani chikhatho pawindo pa 60, kenako pa 120, mudzamva nokha kuti mphepo siinangowirikiza kawiri. Yawirikiza kanayi. Kukaniza kwa mphepo kumakula motsatira liwiro mutalichulukitsa ndi lokha, choncho kuchoka pa 100 kupita pa 120 kumawonjezera kukanizako ndi 44 peresenti. Pa galimoto ya nkhope yaikulu chonchi, imeneyo ndi nkhani yaikulu. Nanga mukupindulanji? Makilomita 100 pa liwiro la 120 ndi mphindi 50, pa 100 ndi mphindi 60. Mphindi 10, ndipo pamsewu weniweni, wa malole ndi makona, sizikwana n'komwe. Magalimoto ambiri a mtunduwu amamwa bwino kwambiri pakati pa 70 ndi 90, pamene giya yomaliza yalowa ndipo injini ikulira motsika. Simungayende pa 80 paliponse osasowetsa mtendere anzanu, koma kutsika kuchoka pa 120 kufika pa 105 kudzaoneka m'kabuku kanu pa thanki yoyamba yomwe.

Ponyamuka musakwawe, komanso musapondereze mpaka pansi. Kukwawa kumasunga galimoto nthawi yaitali m'magiya otsika, amene ndi odya kwambiri. Pondani mwapakatikati, mufike pa liwiro lanu, kenako pepukitsani phazi pang'ono kuti otomatiki ilowe giya yapamwamba. Pa manyuwo sinthani cha m'ma rpm 2,000 pa dizilo, 2,500 pa petulo, koma musaikakamize kukwera chitunda pa giya yapamwamba mpaka iyambe kunjenjemera.

Buleki iliyonse imene mwaponda ndi mafuta amene munawotcha kale kuti matani 2.5 afike pa liwirolo, tsopano asanduka kutentha kwa madisiki. Woyendetsa wosamala mafuta amadziwika ndi kuchepa kwa mabuleki ake. Yang'anani patali, kupitirira galimoto imene ili kutsogolo kwanu, ndipo mpando wapamwamba wa SUV umakupatsani mwayi umenewu kuposa anzanu. Loboti ikafiira patsogolo, chotsani phazi pomwepo, galimoto ipite yokha. Kawirikawiri mudzafika itasintha kale, musanaime n'komwe. Siyani mpata wa masekondi atatu kapena anayi, kuti wakutsogolo akagwira buleki pang'ono inu mungochotsa phazi. Chiwerengero cha Department of Energy n'chakuti kuyendetsa mwaukali kumadya 15 mpaka 30 peresenti pamsewu waukulu, ndi 10 mpaka 40 peresenti moima n'kunyamuka. Palibe chipangizo chogula chimene chingakubwezereni zochuluka choncho.

Pamtsetse musachotse giya. Injini zamakono zimadula mafuta onse mukachotsa phazi galimoto ili m'giya, chifukwa matayala ndi amene akuizunguza. Mukaika pa nyutulo, injini iyenera kumwa kuti isazime, ndipo katundu yense mwasiyira mabuleki okha, amene pa mtsetse wautali amatentha n'kusiya kugwira. Kuzimitsa injini pamtsetse ndiye kusewera ndi moyo: chiwongolero chimalimba, mabuleki amauma.

Chitunda chipezeni muli kale ndi liwiro, n'kulola kuti litsike pang'ono pokwera, m'malo mopondereza kuti singano isasunthe. Cruise control, yosunga yokha liwiro limene mwaiuza, ndi yabwino pafulati, koma m'mapiri imalimbira nambala imene munaipatsa, imatsitsa magiya awiri n'kulilitsa injini pachabe. Izimitseni. Ma V8 ena, monga 5.3 ya mu Tahoe ndi Suburban kuyambira 2007, amazimitsa masilinda ena katundu akachepa, ndipo ena amaonetsa V4 (masilinda anayi okha akugwira ntchito) kapena V8 pa dashibodi. Ndi mphunzitsi wabwino wa phazi: yesetsani kukhalitsa pa V4. Batani la Tow/Haul, la pokoka ngolo, limasunga magiya otsika, ndiye lizikhala lozima mukakhala opanda ngolo. Mukamakoka, liyatseni ngakhale limwetse, chifukwa likuteteza giyabokosi.

Injini yolira galimoto itaima

Imamwa pakati pa lita imodzi ndi awiri pa ola, ndipo yaikulu yoyatsa AC ili kumtunda kwa nambala imeneyo. Mukadikira munthu kupitirira mphindi imodzi pamalo otetezeka, zimitsani. M'mawa theka la mphindi ndi lokwanira, kenako nyamukani modekha, chifukwa injini imatentha msanga ikuyenda. Pokhapo pamene kudikira kuli ndi phindu ndi mukangomaliza kukoka katundu kapena kukwera phiri ndi injini ya turbo: ipatseni mphindi imodzi kapena ziwiri kuti turbo izizire oyilo akuyendabe.

Injini yozizira imamwa kwambiri, ndipo yaikulu imachedwa kutentha. Maulendo asanu afupiafupi aphatikizeni akhale umodzi, muyambire kutali. Galimoto ikakhala padzuwa, yambani mwatsegula mawindo mpweya wotentha utuluke, kenako yatsani AC pa batani lozunguza mpweya wam'kati. Pa liwiro la msewu waukulu tsekani mawindo, AC igwire ntchito.

Tsopano zogula

Maginito omangirira pa paipi ya mafuta, mapiritsi oponya mu thanki, tizitsulo tozunguza mpweya, timabokosi tolowetsa mu soketi ya OBD tolonjeza kudula kamwedwe ndi theka: sungani ndalama zanu. Bungwe la boma la America loona za chilengedwe, EPA, linayesa zipangizo zoterezi zoposa 100 ndipo silinapeze chimene chimathandiza mooneka. Petulo wa octane yapamwamba sawonjezera mphamvu mu injini imene siinapangidwire petuloyo. Thirani amene buku likunena, osatsika. Snorkel, paipi yokokera mpweya wa injini kuchokera m'mwamba, ntchito yake ndi kupewa madzi ndi fumbi. Kachipangizo kosintha mmene pedulo ya moto imamvera phazi sikawonjezera mphamvu ngakhale pang'ono, kamangouza kompyuta kuti mwaponda kwambiri kuposa mmene mwapondera. Ekizozi yaphokoso pa injini ya petulo yopanda turbo imapereka zochepa, ndipo ine ndimaona kuti imamwetsa kwambiri, pachifukwa chosakhudza injini: mwini wake amafuna kuimva.

Chimene chimaperekadi mphamvu ndi kusintha pulogalamu ya kompyuta ya injini, makamaka pa dizilo ya turbo. Galimoto imakoka kuchokera pansi, siisinthasintha magiya pachitunda, ndipo kwa woyendetsa wodekha kamwedwe kangatsike pang'ono. Koma mphamvuyo imachokera ku mafuta ndi mpweya wowonjezera, ndipo mtengo wake ndi kutentha kwa mu ekizozi, kulemedwa kwa klatchi kapena giyabokosi, ndi kutha kwa waranti. A inshuwalansi nawo ayenera kuuzidwa. Musachite zimenezi pa injini imene simunaikonze monga tafotokozera pamwambapa. Pitani kwa katswiri amene ali ndi makina a dyno, oyezera mphamvu ya injini, ayeze galimoto asanaisinthe ndi ataisintha, akupatseni zotsatira zake, ndipo asunge pulogalamu yoyambirira kuti mudzathe kubwerera. Ikitsani geji ya kutentha kwa ekizozi, ndipo ngati mumakoka ngolo, onjezani chozizitsira oyilo wa giyabokosi. Timabokosi tonamiza sensa ya mafuta timanamizanso dashibodi: mafuta akulowa ambiri kuposa amene kompyuta ikuwerenga, ndiye nambala imaoneka yokoma. Khulupirirani kabuku kanu. Wokuuzani kuti achotse DPF, EGR kapena catalytic converter (chochepetsa poizoni wa mu utsi) akukulowetsani m'mlandu m'mayiko ambiri, kuwonjezera pa utsi umene mukupumitsa anthu a kumbuyo kwanu.

Ngati munavala matayala aakulu ndipo simukufuna kubwerera ku aang'ono, mankhwala ake enieni ndi kusintha magiya a m'madifu kuti alingane ndi kukula kwa matayalawo. Matayala akakula ndi 7 peresenti, nambala ya difu ikwere pafupifupi chimodzimodzi, mwachitsanzo kuchoka pa 3.9 kufika cha pa 4.1 kapena 4.3. Galimoto imabwerera pa kakokedwe kake ndipo giya yomaliza imayambanso kugwira ntchito. Madifu onse awiri, yakutsogolo ndi yakumbuyo, asinthidwe limodzi ndipo akhale a nambala imodzi. Makilomita 800 oyambirira yendani modekha osakoka ngolo, kenako khetsani oyilo wa m'madifumo muthire watsopano.